Chikopa Chinamwa Mankhwala a Udzu

Biriwiri, 1995 mpaka 2000

Ana anga, mwakhala mukundifunsa kuti sukulu ndinalekera pati, ndipo ine ndakhala ndikuyankha kuti ndinafika ku koleji. Sindinakunamizeni. Ndinafikadi, ndinagona konko chaka ndi miyezi inayi, ndipo nyemba zawo ndinazidya mokhulupirika. Chimene sindinakuuzeni n'chakuti akuluakulu a koleji ya zaulimi ija, atakhala pansi n'kuona mayeso anga, anagwirizana kuti dziko lingapindule kwambiri ine nditakhala kwina. Anandilembera kalata yaulemu zedi. Ndinabwerera kwathu ku Mlangeni ndi sutikesi ya malata, bulangete, ndi mayina atatu a Chilatini a matenda a mbatatesi. Agogo anu aamuna, amene anathera unyamata wawo m'migodi ya ku Joni kuti ine ndidzagwire cholembera, anaiwerenga kalatayo kawiri. Kenako anati, “Ndiye kuti wamaliza msanga.” Sanandilankhulenso mpaka tinakolola. Lero poti maso ayamba kukana ndipo zitsulo ndazisiya, ndati ndilembe za ntchito imene inakulerani, makamaka za chaka chimene inatsala pang'ono kundipulumuka m'manja.

Ntchito yoyamba ndinaipeza pa Biriwiri kwa a Maseko, mkulu wamfupi wa ndevu zoyera amene anagwira zaka zambiri m'mafamu a ku Halale. Iwo ankakonza chinthu chimodzi chokha: masipuleya, mathanki aja obereka kumsana amene alimi amapopera nawo mankhwala m'madimba. Mafunso olowera ntchito anandifunsa ali chiweramire, osandiyang'ana.

“Mwati munali ku koleji?”

“Eya, bambo.”

“Anakuphunzitsani kutsuka?”

“Kutsuka chiyani, bambo?”

“Basi, sanakuphunzitseni. Tengani ndowa iyo.”

Kwa miyezi isanu ndi umodzi udindo wanga unali wa Mkulu Woyang'anira za Ndowa. Sipuleya iliyonse ikabwera ndinkaitsuka katatu ndi sopo a Maseko asanaikhudze. Kenako anayamba kundionetsa za m'kati. Sipuleya si chinthu chovuta: pali thanki, chogwirira chopopera, paipi, ndi kamlomo kotulukira mankhwala. Koma moyo wake wonse uli pa kanthu kamodzi ka m'kati mwa pampu, kozungulira ngati kambale, kamene kamakankha madzi. Kakatha kameneko, mlimi amapopa mpaka thukuta kamukamu, kukamlomo osatuluka kanthu, mankhwala akumutsikira kumsana. Ku fakitale amakapanga ndi raba, koma raba ameneyo kuno sankapezeka. A Maseko ankakadula kuchokera ku chikopa cha ng'ombe, ndipo tonse tinkangokatchula kuti chikopa.

Anthu ankabwera ndi mawailesi, njinga, ngakhale maambulera. A Maseko onsewo ankawabweza. Ine mtima unkandipweteka, chifukwa miyezi ina pakhonde pankati zii, ndipo ine nkhawa ndinabadwa nayo ngati mmene ena amabadwira ndi chibwibwi. Tsiku lina nditaona njinga yachitatu ikubwerera, ndinalimba mtima.

“Bambo, tcheni chabe chija bwenzi titalumikiza. Ndiwo zikanapezeka.”

“A Ndau,” anatero, pakuti ankandiitana ndi mfunda wanga ngakhale ndinali mwana kwa iwo, “munthu wokonza chilichonse, chimene amadziwa n'kumasula basi. Kubwezera amasiyira Mulungu.”

Tsiku limenelo tinadya nyemba zadzulo, koma mawuwo ndinawasunga.

Tsangano, 2001 mpaka 2010

Chaka cha 2001 a Maseko anandiuza kuti kampani yaganiza zotsegula nthambi ku Tsangano, kumene alimi a mbatatesi ndi ambiri, ndipo bwana wa nthambiyo ndine. Kampaniyo anali iwo okha. Nthambiyo inali benchi, bokosi la masipanala, ndi theka la khonde la telala wina. Ndinafika mwezi wa Juni, m'kuzizira kwa ku Tsangano kumene kumachititsa munthu kulapa ndi machimo amene sanachite. Sabata ziwiri zoyamba amene anandichezera anali tambala wa eni khonde. M'mawa uliwonse ndinkayala masipanala pansalu motsata kukula kwake, madzulo n'kuwabwezera m'bokosi motsata kukula komweko, kuti anthu aone kuti ntchito ilipo. Kumeneko ndi kumene amayi anu, Nangozo, anandionera. Amati anandimvera chisoni. Ine ndimati anaona tsogolo. Nkhaniyi sitinaimalizebe.

A Maseko anatisiya mu 2004. Pamaliro pawo panavinidwa ngoma, ndipo ine, m'malo molira ngati munthu, maso anga anali pa zishango za ovina. Zinali za chikopa chokhuthala, chofufutidwa bwino kuposa chimene ife tinkagula kwa opha ng'ombe. Mwambo utatha ndinafunsa amene amazipanga, ndipo kuyambira pamenepo ndinkakatenga zidutswa zotsala kwa mkulu ameneyo. Chikopa cha a Maseko chinkakhala mwezi umodzi kapena iwiri. Ine ndinkadwala nacho mtima, chifukwa mlimi aliyense akabwerera nacho chitatha ndinkaona ngati wabwera kudzandiuza kuti koleji sinalakwitse. Choncho ndinayamba kuyesa. Ndinapeza kuti cha pakhosi pa ng'ombe chimatamuka, cha pamimba chimafewa msanga, cha pamsana ndiye chenicheni. Chaka china ndinayamba kuchiviika m'mafuta a ng'ombe otentha. Chaka chinacho ndinawonjezamo phula la njuchi. Kenako ndinasema chikombole cha mtengo wa mlombwa chopanikiziramo kuti zonse zizituluka zofanana. Palibe chaka chimene ndinatulukira chinthu chachikulu choti n'kuitanira anthu. Koma pofika 2008 chikopa changa chinkatha dzinja lonse n'kulowa m'chilimwe, ndipo alimi ankachokera ngakhale tsidya la Mozambiki atabereka masipuleya, akufunsa kuti, “Kwa a Ndau a zikopa n'kuti?”

Ndinayambitsanso chinthu china chimene ndinkanyadira. Mvula ya mvumbi ikagwa masiku awiri, nkhungu n'kukuta mapiri, chiwawu chimalowa m'mbatatesi ndipo chimatha kupsereza munda wonse sabata isanathe. Mlimi sangadikire. Ndiye ndinkasunga masipuleya atatu anga obwereketsa: wina akasiya yake kuti ndikonze, ankabereka yanga n'kuthamangira kumunda.

Amalume anu a Waisoni, mchimwene wa amayi anu, ntchito yangayi sankaimvetsa. Iwo pa zaka khumi zimenezi anagulitsapo kaunjika, anaonetsapo mafilimu, anakhalapo ndi telefoni yoimbitsa anthu, kenako n'kuyamba kutchaja mafoni. Bizinesi iliyonse ankaiyamba ndi suti yatsopano.

“Alamu,” ankatero atakhala pabenchi yanga, “munthu wofika ku koleji n'kumakalamba ndi kachikopa kakang'ono ngati bisiketi? Dziko lapita patsogolo. Anthu akutsegula mafoni.”

“Ndikamaliza kuphunzira sipuleya ndibwera, alamu.”

“Zaka khumi ndi zisanu simunamalize?”

“Mutu wanga ndi wochedwa. Kalata yake ndili nayo.”

Ndinkawayankha choncho, koma akachoka ndinkakhala ndi funso lawo tsiku lonse. Nanga bwanji atabwera masipuleya osawonongeka? Nanga bwanji anthu atasiya mbatatesi? Munthu wa ntchito imodzi ali ngati nyumba ya mzati umodzi, ndipo ine chiswe ndinkachimva ngakhale pamene panalibe.

Tsangano, dzinja la 2011

Inu akuluakulu mukukumbukira nthawi imene zinthu zinkasowa, magalimoto atandanda pamalo omwetsera mafuta, m'masitolo mulibe zipangizo zochokera kunja. Raba wa masipuleya anatheratu ngakhale m'tauni. Kwa ine chinali chaka cha ulemerero. Aliyense ankafuna chikopa. Pakhonde pankadzaza mathanki mpaka telala uja anayamba kusokera panja. Nthawi yomweyo kunali kutafala mankhwala opha udzu, chifukwa aganyu opalira anali atakwera mtengo, ndipo ambiri anayamba kupopera m'chimanga m'malo mogwira khasu. Sipuleya kwathu kuno imayenda ngati sefa: lero ili kwa mwini wake, mawa kwa mlamu, mkuja kwa a mpingo. Yomweyo ya udzu, yomweyo ya chiwawu. Tonse tinkati bola kutsuka.

M'mwezi wa Januwale kunabwera Nachisale, mayi wamasiye wa mumpingo mwathu, amene ankaphunzitsa ana ake atatu ndi munda umodzi wa mbatatesi. Sipuleya yake inali itang'ambika thanki, ndipo nkhungu inali itagona m'mapiri masiku atatu.

“A Ndau, ndithandizeni lero lomwe. Kwa anzanga kumtunda chiwawu chayamba kale.”

Pa masipuleya anga atatu panali patatsala imodzi, imene inabwera dzulo lake kuchokera kwa mlimi wina wa chimanga. Ndinkadziwa bwinobwino kuti wapopera mankhwala a udzu, ananena yekha. Ndinali nditaitsuka katatu ndi sopo, monga mwa chiphunzitso cha a Maseko, ndi kachinayi kowonjezera chifukwa cha nkhawa zanga. Ndinamubereketsa ndi manja angawa, n'kumumangira malamba.

“Iyi ndiye bwana wa onse,” ndinatero. “Chikopa chake n'chatsopano, cha pamsana.”

Patapita sabata amayi anu anabwera kuchokera kuchigayo ufa uli pamutu, osautula n'komwe.

“Bambo a Chikondi, mwamva za munda wa Nachisale?”

Ndinapita tsiku lomwelo. Ana anga, ndaonapo minda yopsa ndi chiwawu, yodyedwa ndi mbozi, yokokoloka ndi madzi. Uwu unali wina. Masamba sanade, sanaume. Anapiringizika ngati zala za munthu wogwidwa ndi tsemwe, nsonga zitapotoka, mitengo itapindika ngati ikufuna kubwerera m'nthaka. Mzere uliwonse umene sipuleya inadutsa unali choncho, ndipo mizere iwiri ya kumapeto, kumene mankhwala anamuthera, inali yobiriwira bwinobwino. Aka kanali koyamba kuti maphunziro anga a ku koleji agwire ntchito: pa matenda atatu aja ndinkawadziwa m'Chilatini, apa panalibepo ngakhale amodzi. Nachisale anali chiimire pakati pa munda, manja ali kumutu. Anthu anali atasonkhana, aliyense ndi nzeru zake. Ena ankati wagula mankhwala achinyengo tsidya lija. Ena, motsitsa mawu, ankatchula mlamu wake amene ankaufuna mundawo chimwalirireni mwamuna wake. Dzina langa panalibe amene analitchula. Mmodzi mpaka anandifunsa maganizo anga ngati katswiri, ine n'kuyankha kuti nkhaniyi ikufunika kuiona bwino.

Sipuleya ija itabwerera ndinaimasula ndekha kuseri kwa nyumba. Thanki inali yoyera, yosanunkha kanthu. Ndinatulutsa chikopa n'kuchinunkhiza. Pansi pa fungo la mafuta ndi phula panali kafungo kena. Ndinachiika m'kapu ya madzi oyera tsiku lathunthu, kenako madziwo ndinawawaza pa mbande za tomato zimene amayi anu anafesa m'beseni lakutha. Theka ndinawaza, theka ndinasiya. Masiku atatu amenewo ndinkapita kubeseni kuja kawirikawiri kuposa mmene wodwala m'mimba amapitira kuchimbudzi. Tsiku lachitatu m'mawa, theka lija linali litapiringizika ndendende ngati munda wa Nachisale.

“Mbande zanga mwazitani?” anafunsa amayi anu.

“Ndazipatsa udindo wa mboni.”

“Ndiye zanena chiyani?”

“Zanena kuti ndine.”

Chikopa changa chomwe chija, chimene ndinachikometsa zaka khumi, chinali ndi khalidwe limene sindinkalidziwa. Mafuta amene ankachilimbitsa ndi omwewo ankamwa mankhwala a udzu n'kuwasunga, sopo osawafika, kenako n'kumawalavula pang'onopang'ono m'thanki ya munthu wina.

A Waisoni anamva kwa mlongo wawo ndipo anafika masana omwewo, nkhope ili ngati ya mlangizi wa pa ukwati.

“Alamu, akudziwa ndani?”

“Ine, Nangozo, inu, ndi tomato.”

“Tomato tizula. Kachikopako ponyani m'chimbudzi. Anthu agwirizana kale kuti ndi mankhwala a tsidya lija, ndipo a tsidya lijawo sadzamva n'komwe. Mukatsegula pakamwa, ntchito yanu yatha lero. Ndani adzaberekenso sipuleya ya munthu wopsereza minda? Inu mulibe china chimene mumadziwa, alamu. Ngakhale tcheni cha njinga.”

Ananena zoona, ndipo n'chifukwa chake zinandipweteka. Ndinali ndi ana anayi, inuyo, ndi luso limodzi. Koma zikopa zanga zinali m'masipuleya a m'midzi yonse yozungulira, ndipo chilichonse mwa izo chikanatha kuchita zomwezo mawa. Ndinayang'ana amayi anu kuti mwina andithandiza kukhala wamantha.

“Musandiyang'ane ine,” anatero. “Inu mbuzi ikangotsokomola nsima imakukanikani. Ndiye ichi mukachimeza mudzadyanso m'nyumba muno? Ine wodwala wopanda matenda sindimufuna.”

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinanyamula beseni la mbande lija pamutu, chikopa chili m'thumba la jekete, ulendo wa kwa Nachisale. Munthu wovala jekete atasenza beseni la tomato sabisika. Pofika kumeneko n'kuti anthu asanu ndi mmodzi akunditsatira chapatali. Nachisale anandiyalira mphasa. Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa mlimi wa chimanga uja mpaka pa kapu ya madzi. Nthabwala ndinaifunafuna m'mutu monse, koma tsiku limenelo inali itapita kutchuthi. Iye anayang'ana mbandezo nthawi yaitali.

“Ndiye kuti munkadziwa kuti munali mankhwala a udzu.”

“Ndinkadziwa, mayi. Ndinkaganiza kuti ndatsuka.”

“Munkaganiza. Ine ndamunenera zoipa mlamu wanga sabata yonse. Mwana wanga wamkulu ali kusukulu yogonera, akudikira mbatatesi zimenezi. Ndiye mwabwera ndi beseni. Mukufuna ndikuthokozeni, a Ndau?”

“Ayi, mayi.”

“Chabwino, chifukwa sindikuthokozani. Tengani beseni lanu.”

Ine ndi amayi anu tinakagwira m'munda mwake sabata ziwiri, kuzula mbatatesi zopotoka zija n'kubzala nyemba kuti dzinja lisapite pachabe. Moni ankatiyankha, koma nkhani ayi. Nyemba si mbatatesi. Mwana wake uja anachoka kusukulu yogonera n'kudzalowa yoyendera, ndipo m'mawa uliwonse ankadutsa pakhonde panga wapansi. Chimenecho sindinachikonze, ndipo sindikufuna kuti muwerenge mbiri iyi ngati kuti ndinachikonza.

Tsangano, Malichi mpaka Disembala 2011

A Waisoni analosera bwino kuposa aneneri ambiri amene ndawaona. Tsiku la msika lotsatira nkhani inali itafika mpaka tsidya lija, ndipo inakula m'njira: ena ankati ndapsereza minda isanu, ena ankati ndimachita dala kuti anthu azibweranso. Amene anasiya masipuleya awo anabwera kudzawatenga osakonzedwa. Wina anaima patali n'kutuma mawu kuti ndimuponyere. Telala anabwerera pakhonde n'kupeza malo okwanira ngakhale kuvinapo. Ndinayambiranso kuyala masipanala motsata kukula kwake. Amayi anu anayamba kukazinga zitumbuwa, ndipo tinadya zitumbuwazo kuposa mmene tinagulitsira. A Waisoni, amene tsopano anali ndi njinga zamoto ziwiri zonyamula anthu, anabwera kawiri kudzandipatsa imodzi.

“Iyi sifuna koleji, alamu. Kungokhala n'kugwira.”

Ulendo wachiwiri ndinaikwera ndithu, ili chiimire, n'kugwira mahandulo. Ndinadziona ndikutsetsereka nayo ku Biriwiri, mayi wonenepa ali kumbuyo ndi dengu la kabichi. Kenako ndinaganiza kuti ndikachoka, masipuleya onse aja apitiriza kuyenda kwa mlamu ndi kwa a mpingo, ndipo munthu yekhayo m'dera lonse amene akudziwa pamene mankhwala amabisala adzakhala akuimba belu pamsewu. Ndinatsika.

“Ndipatseni mpaka mvula, alamu.”

“Mvula ikagwa mudya chiyani?”

“Nkhawa. Ndili nayo nkhokwe yodzaza.”

Miyezi imeneyo pakhonde panga panasanduka dimba. Ndinafesa tomato m'zitini, m'mapaketi a shuga, m'chigoba cha wailesi. Ndinadula timbale kuchokera ku chubu cha galimoto, ku lamba wa chigayo, ku zidendene za nsapato. Kalikonse ndinkakaviika m'mankhwala a udzu, kukatsuka, kukaika m'madzi oyera, madziwo n'kuwaza pa mbande, n'kudikira masiku atatu. Odutsa ankapukusa mitu kuti a Ndau zawasokonekera. Mbande zinafa zambiri pa ntchito ya boma imeneyi. Zimene ndinapeza sizinali zokondweretsa: chilichonse chimamwa, kungosiyana kuchuluka, ndipo paipi nayo imamwa. Sopo yekha sakwanira. Chimene chinathandiza ndi kuchotseratu chikopa ndi paipi n'kuika zatsopano, thanki n'kuiviika tsiku lathunthu m'madzi a makala osinja, kenako a phulusa. Ngakhale pamenepo sindinkakhulupirira mphuno yanga. Ndinakhazikitsa lamulo: sipuleya imene yalawako mankhwala a udzu siichoka pakhonde panga isanapopere mbande ya tomato n'kudikira masiku atatu. Ndipo mwa zanga zobwereketsa, imodzi ndinaipaka penti yofiira kuti ikhale ya udzu mpaka imfa. Lamulolo linali labwino kwambiri. Linkangosowa anthu oti alitsate.

Tsangano, Januwale 2012

Mvula inagwa, nkhungu inabwerera m'mapiri, ndipo pabenchi panga pankakhala nkhuku. Nthawi imene ndinapempha kwa a Waisoni inali itatha, ndipo anali atanena kuti Loweruka abwera ndi njinga ija komaliza. Lachiwiri, tsiku losakhala la msika, ndinaona munthu akubwera atabereka sipuleya, m'manja atanyamula kanthu ngati mwana wa nkhuku. Anali Nachisale. Chaka chathunthu anali asanapondepo pakhonde panga. Ndinaimirira mofulumira mpaka masipanala anamwazika.

“Khalani pansi, a Ndau, sindinabwere kudzacheza,” anatero akutula sipuleya. “Mlamu wanga uja anaibwereka. Pambuyo pa zimene ndinamunenera chaka chatha, sindikanatha kumukaniza. Waibweza dzulo, ati wapopera udzu m'chimanga, koma watsuka bwinobwino.” Anandiyang'ana. “Ati watsuka katatu.”

“Ndi sopo?”

“Ndi sopo. Ndafunsa kwa okonza njinga, ndafunsa kwa owotcherera zitsulo. Onse akuti ingotsukaninso. Amene anapserezapo munda n'kudziwa chifukwa chake ndinu nokha.”

Pa maumboni onse amene ndalandira pa moyo wanga, umenewu ndiye ndikanaupachika pakhoma. Ndinamufotokozera za makala, za phulusa, ndi za masiku atatu. Ndinaloza zitini zanga kuti asankhe mbande imene akufuna.

“Zanuzo ayi. Zimadya kwanu, zingakukondereni.” Anaika pabenchi chimene ananyamula chija: mbande imodzi ya tomato m'paketi ya shuga, atamangirira kansalu kobiriwira patsinde kuti ndisasinthe. “Ndabwera ndi mboni yanga.”

Lachitatu madzulo ndinali nditamaliza zonse, ndipo ndinapopera mbandeyo madzi oyera ochokera m'sipuleya yake, iye akuona. Ndinati podikira ndimubwereke yanga imene sinalawepo za udzu, koma anakana. Anati adikira, ngakhale chiwawu chinali chitayamba kumveka kumtunda. Choncho munda wake unalinso m'manja mwanga kachiwiri. Ana anga, ndadikirapo zotsatira za mayeso, ndadikirapo panja pa chipatala inu mukubadwa, koma sindinayang'anepo chamoyo chilichonse mmene ndinayang'anira tomato ameneyo. Lachinayi masana tsamba limodzi linagwa mphwayi ndi dzuwa, ine ndinatsala pang'ono kukagwira njinga ija ndekha. Madzulo linadzuka. Lachisanu ndinamanga kampanda kotchinga nkhuku, n'kukhala pambali pake ngati mlonda wa banki. Amayi anu anandibweretsera chakudya pomwepo, n'kufunsa ngati wodwalayo wayamba kulankhula.

Loweruka linali tsiku la msika. A Waisoni anafika ndi njinga yawo n'kuiimika pafupi ndi khonde. Nachisale anafika dzuwa litakwera, ndipo anthu amene anamva za mboni ija anasonkhana ngati pali mlandu. Ananyamula paketi ija, anaona kansalu kake, anatembenuza tsamba lililonse kunsi ndi kumwamba, anayang'ana nsonga moyandikiza kumaso. Inali yowongoka, ndipo inali itatulutsa kamphukira katsopano. Sanamwetulire. Anabereka sipuleya yake, ine n'kumuthandiza malamba. Kenako anatenganso paketi ija.

“Mbandeyi mukupita nayo, mayi?”

“Nanga ndi yanu? Ndikaiwokera.” Atayenda pang'ono anacheuka, n'kulankhula mokweza kuti amve ndi a kumsika omwe. “Inu amene mumabwereketsa masipuleya kwa azilamu anu, muzibwera nazo mbande zanuzanu. Za a Ndau zatopa.”

A Waisoni anayang'ana kumwamba, analiza njinga yawo n'kupita kukasaka okwera. Lolemba m'mawa nditafika pakhonde ndinapeza amuna awiri atakhala pabenchi panga, masipuleya ali pansi, aliyense atafukata paketi ya shuga pamiyendo. Wina anali atamangirira kansalu kofiira, mnzake ulusi wa thumba la feteleza. Ndinawapatsa moni mwaulemu, mboni ndinazilonjeranso, kenako ndinatenga ndowa.